Yodwala aisiya, yamoyo aidula: zikuchitika n'zotani ndi mitengo ya thundu ku England?

Mayi wina wa kwathu, yemwe akugwira ntchito yosamalira okalamba m'chigawo chapakati cha England, watilembera motere: "Masiku opuma ndimapita ndi ana ku nkhalango ya boma yomwe ili kufupi ndi komwe tikukhala. Chaka chino ndaona mitengo ikuluikulu ya oak ikuchucha madzi akuda pathunthu, ina nthambi zam'mwamba zauma. Chondidabwitsa n'chakuti ogwira ntchito m'nkhalangomo adula mitengo yabwinobwino yoyandikana nayo, yodwalayo n'kuisiya chiimire. Dziko la ndalama ngati lino lingasowe mankhwala opopera? Ana sangatengeko matenda? Nanga nkhuni zake tingawotchere nyama?"

Mayi, ndiyambe ndi za ana, poti ndizo zingakusowetseni tulo. Madzi akudawo ndi matenda a mtengo, si a munthu. Mwana akawagwira angosamba m'manja basi. Zoyenera kuopa m'nkhalango ya mitengo imeneyi ndi zina: nthambi youma yomwe ingathyoke tsiku la mphepo, nkhupakupa za m'maudzu zomwe zimafalitsa matenda a Lyme, ndi ziyabwe zina zomwe ndizifotokoza kutsogoloku.

Nkhunizo zisiyeni pomwepo. Kutola nkhuni m'nkhalango ya boma popanda chilolezo n'koletsedwa, ndipo ngakhale akanalola, khungwa la mtengo wodwala limanyamula tizilombo. Mukaliika m'galimoto ndiye kuti mwakapatsa kachilombo ulendo womwe pakokha sikakanauyenda. Abale athu a ku South Africa akuziona zimenezi ndi maso. Kachikumbu koboola mitengo kochokera ku Asia, komwe kanapezeka koyamba ku Pietermaritzburg mu 2017, kafika ku Johannesburg ndi ku Cape Town, kakupha mitengo ya oak ya m'misewu, ndipo njira imodzi yomwe kamayendera ndi nkhuni zomwezi zowotchera nyama.

Mtengo womwe eni dziko amautcha oak ndi uja ambirife tinayamba kuumva m'tchalitchi ndi dzina loti thundu, ndiye ndiutchula choncho. Musausokoneze ndi silky oak womwe umabzalidwa m'minda ya tiyi ndi khofi kwathu. Umenewo ndi Grevillea wochokera ku Australia, ndipo palibe ubale uliwonse. Ku Britain mitundu ya thundu yachikhalire ilipo iwiri. Wa Quercus robur njere zake zimalendewera ngati zamangiriridwa ku kachingwe, pomwe wa Quercus petraea njere zake zimamatirira ku nthambi. Kusiyanaku kukuoneka kwachabe, koma musakuiwale, tikumana nako.

Ulendo wina mukapitako, sendererani pafupi ndi thunthu. Muona kuti madziwo sakutuluka pabala la nkhwangwa. Akutuluka m'ming'alu yoimirira pakati pa mamba a khungwa, yotalika masentimita 5 mpaka 10, n'kumayenderera pansi ngati phula losungunuka. Amachucha kwambiri kuyambira Malichi mpaka Juni, kenako Okutobala ndi Novembala. Miyezi ina pamangotsala banga lakuda louma. Mukayang'anitsitsa khungwa mutha kupezanso timabowo ta mamilimita 3 kapena 4 tooneka ngati chilembo D. Pamenepo ndi pomwe panatulukira kachikumbu kotchedwa Agrilus biguttatus, kobiriwira monyezimira, kotalika ngati nyemba, kokhala ndi timadontho tiwiri toyera kumsana. Ife ogwira ntchito za nkhalango tikasenda khungwa ndi tchizulo pamalo otere timapeza mnofu wa mtengo utawola, uli chinyezi, ndipo m'mbali mwake muli tinjira tokhotakhota tomwe mphutsi za kachikumbuko zinadya. Zilondazo zikakumana kuzungulira thunthu lonse, chakudya chochokera ku masamba sichifikanso ku mizu. Mtengo womwe waima zaka 200 utha kufa m'zaka 4 mpaka 6.

Matendawa amatchedwa acute oak decline. Dzinali linakhazikika mu 2009 kudzera mwa Sandra Denman ndi anzake a ku Forest Research, bungwe la boma lofufuza za nkhalango. Gulu limeneli linapeza m'zilondazo mabakiteriya omwe sankadziwika n'kale lonse, makamaka awiri, Brenneria goodwinii ndi Gibbsiella quercinecans, ndipo mu 2018 linasonyeza poyera kuti mabakiteriyawa akalowetsedwa pansi pa khungwa amawoletsadi mnofu, ndiponso kuti mphutsi zija zikakhalapo chilonda chimatsatira tinjira tawo. Matendawa amakonda mitengo yoposa zaka 50, ndipo afala kummwera chakum'mawa, kum'mawa ndi pakati pa England mpaka kumalire ndi Wales, madera otentherapo ndi a mvula yochepa. Kumene muliko ndi kwawo kwenikweni.

Wina akhoza kuimira pomwepa n'kunena kuti wapalamula wapezeka, tiyeni timuphe. Koma inu mumasamalira okalamba, mukudziwa bwino kuposa ine. Gogo akamwalira, pachikalata amalemba kuti chibayo. Inu amene munkamusambitsa mukudziwa kuti chibayo chinangomalizitsa. Anayamba kufooka atagwa m'bafa chaka chatha, kenako anasiya kudya bwino, kenako kunabwera chisanu. Chibayo chomwecho chikanagwira mdzukulu wake bwenzi atadzuka pa sabata. Katswiri wa matenda a mitengo wa ku America, Paul Manion, anafotokoza kufa kwa mitengo mwanjira yomweyi mu 1981: pali zomwe zimaufooketsa mtengo pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, monga ukalamba, nthaka yosayenera ndi kuthithikana, pali nkhonya yadzidzidzi, monga chilala kapena mbozi, ndiye pamapeto pamabwera omalizitsa. Mabakiteriya ndi kachikumbu aja nthawi zambiri ndi omalizitsa.

Kuti mumvetse chifukwa chake thundu umagonja motere, muyenera kudziwa kuti mtengo umenewu umayamba chaka ndi ngongole. Madzi ochokera ku mizu amakwera makamaka m'timipaipi tikulutikulu ta mzere wakunja kwenikweni wa thabwa, ndipo timipaipi timeneti timagwira ntchito pafupifupi chaka chimodzi chokha. Chaka chilichonse mtengo umayenera kupanga tatsopano masamba asanatambasuke, potapa chakudya chomwe unasunga chaka chapitacho m'mizu ndi m'thunthu. Imeneyo ndiyo nkhokwe yake. Tsono tiyerekeze kuti mbozi zadya masamba oyamba mu Meyi. Mtengo utapanso m'nkhokwe kuti uphukire achiwiri. Masamba achiwiriwo, adakali anthete, agwidwa ndi chuku choyera ngati ufa, Erysiphe alphitoides, chomwe chinabuka ku Ulaya cha mu 1907. Chaka chimenecho chatha osakolola. Chaka chotsatira kukagwa chilala, mtengo umatseka timabowo ta m'masamba kuti usataye madzi, ndipo potero umasiyanso kupanga chakudya. Nkhokwe ija yafika pansi. Mtengo wanjala sungatseke bala, sungazinge mphutsi ndi mnofu watsopano, sungabwezeretse timizu tomwe tafa. Apa ndi pomwe kachikumbu, mabakiteriya ndi bowa wowoletsa mizu wotchedwa Armillaria amafika ngati afisi pa ng'ombe yotitimira m'matope.

Zimenezi si zachilendo. M'zaka za m'ma 1920 mitengo yambiri ya thundu inafa ku England mwa ndondomeko yomweyi: mbozi za gulugufe wamng'ono wobiriwira, Tortrix viridana, kenako chuku choyera, kenako Armillaria. Zinabweranso pakati pa 1989 ndi 1994, zaka za ng'amba. Posachedwapa kunali chilala cha 2018, ndi cha 2022 pomwe pa 19 Julayi ku Coningsby kunatentha kufika madigiri 40.3, koyamba m'mbiri ya dzikolo kudutsa 40. Thundu sufa chaka cha chilala chomwecho. Umazunzika mwakachetechete n'kudzagonja patapita zaka zingapo, anthu ataiwala. Mitengo yomwe mukuiona ikuchucha lero mwina ikubweza ngongole ya zaka zimenezo.

Chitsanzo chomwe chimandigwira mtima ndi cha nkhalango ya boma ya Tronçais, pakati pa France, yomwe nduna ya mfumu Louis XIV, Colbert, inaikonza mu 1670 kuti izipereka matabwa a zombo zankhondo. Chitatha chilala cha 1976, mitengo ya thundu inayamba kufa kumeneko m'zigawo zikuluzikulu. Ofufuza atalowamo anapeza kuti yomwe ikufa pafupifupi yonse ndi ya njere zolendewera, pomwe ya njere zomatirira, yoima pambali pake penipeni, ili gwa. Wa njere zolendewera umafuna nthaka yachonde yosunga chinyezi chaka chonse. Kumeneko unali utamera pa nthaka yomwe imadzaza madzi m'nyengo yozizira n'kuuma gwa m'nyengo yotentha, ndiye mizu yake inali yosazama. Unakhala bwinobwino zaka zambiri mpaka tsiku loyesedwa litafika. Chilala chinali chimodzi, tizilombo tinali timodzimodzi, koma cholakwika chinachitika kalekale pomwe mtengo unapezeka pamalo osakhala ake.

Tsopano za mankhwala. Ndalama zilipo ndithu, koma mungapopere chiyani, ndipo pati? Mabakiteriya ali kuseri kwa khungwa lochindikala, komwe mankhwala opopera safika. Mphutsi nazo zili komweko. Mutati mupopere nkhalango yonse mankhwala ophera tizilombo, muphanso zomwe simunafune. Kafukufuku wa mu 2019 anawerenga mitundu pafupifupi 2,300 ya zamoyo zomwe zimapezeka pa thundu ku Britain, mbalame, mileme, bowa, ndere ndi tizilombo, ndipo mitundu yoposa 300 mwa imeneyi siingakhale pa mtengo wina uliwonse. Komanso ngakhale mutapha bakiteriya aliyense lero, nkhokwe ija ikhalabe yopanda kanthu, ndipo mawa kubwera womalizitsa wina.

Pali chilombo chimodzi chokha chomwe amapoperadi, ndipo n'chomwe ndinalonjeza kukuchenjezani. Ndi ziyabwe zotchedwa oak processionary moth, zomwe zinapezeka kumadzulo kwa London mu 2006 zitabwera ndi mitengo yogulidwa kunja. Zimayenda mondondozana, mutu kumchira kwa inzake, ndipo zimamanga zisa zoyera ngati thonje pathunthu kapena pansi pa nthambi. Ubweya wake umauluka ndi mphepo, umayabwa, umatulutsa zidzolo, umapweteka maso ndi pakhosi, ndipo chisa chakale chomwe chagwa pansi chimakhalabe choopsa. Zimenezi amazipopera zidakali zazing'ono ndi mankhwala opangidwa kuchokera ku bakiteriya wotchedwa Bacillus thuringiensis, ndipo zisa amaziyamwa ndi makina anthu atavala zodzitetezera thupi lonse. Zafala kwambiri ku London ndi madera ozungulira, koma ana auzeni: kanthu koyera ngati thonje pa mtengo wa thundu sagwira, ndipo galu asanunkhize.

Tifike pa chomwe chakupwetekani mtima, kudula mitengo yamoyo. Munalimapo chimanga, mayi. Paphando pakamera zinayi mumapatulira, ndipo zomwe mumazulazo si zodwala. Ntchito yomwe mwaona ndi yomweyo. Kayang'aneni zitsa: kawirikawiri mupeza kuti ndi za paini, za beech, za birch, kapena za thundu wowonda womwe unakula mopanikizika, ndipo zazungulira mtengo umodzi waukulu wa nthambi zotambalala. Thundu ndi mtengo wokonda dzuwa. Anzake akaupitirira msinkhu n'kuuphimba, nthambi zake zam'munsi zimafa, masamba amachepa, chakudya chimachepa, pomwe pansi mizu ikulimbirana madzi ochepa omwewo. Kuuchotsera oyandikana nawo ndi imodzi mwa njira zochepa zomwe munthu ali nazo zowonjezera zolowa m'nkhokwe ya mtengo wokalamba.

Kuthithikanaku kuli ndi mbiri yake. Nkhalango zambiri za boma ku England si zongomera zokha. Chombo chimodzi chankhondo, HMS Victory, chinadya mitengo pafupifupi 6,000, yambiri ya thundu. Mkulu wa asilikali apanyanja, Horatio Nelson, atayendera nkhalango ya Forest of Dean mu 1802 anadandaula kuti mitengo yabwino yatha, ndipo lamulo la mu 1808 linachititsa kuti madera akuluakulu atchingidwe n'kubzalidwa thundu. Pomwe mitengoyo inkakhwima n'kuti zombo zikupangidwa ndi chitsulo. Chotsatira chake ndi zigawo zathunthu za mitengo ya msinkhu umodzi, yomwe imakalambira limodzi n'kufookera limodzi. Kenako nthambi ya boma yoona za nkhalango, Forestry Commission, yomwe inakhazikitsidwa mu 1919 nkhondo yoyamba ya dziko lonse itaonetsa kuti dziko lilibe matabwa, inabzala paini ndi mitengo ina yokula msanga, nthawi zina m'kati mwenimweni mwa nkhalango zakale za thundu. Ndondomeko inasintha mu 1985, ndipo mbali ina ya kudula komwe mukuona masiku ano ndi kubweza zomwe zinalakwika nthawi imeneyo.

Sindikunena kuti kupatulira kulikonse n'kwabwino. Ine ndinaonapo malo omwe ntchitoyi inaononga kuposa matenda. Mtengo womwe wakhala mumthunzi zaka 60 ukatsegulidwa mbali zonse tsiku limodzi umadzidzimuka: thunthu limapsa ndi dzuwa, kachikumbu kaja kamakonda mbali yofunda yoyang'ana kummwera, ndipo mphepo imapeza polowera. Odziwa ntchito amatsegula pang'ono, n'kudikira zaka zingapo, n'kubweranso. Sapatulira m'chaka cha chilala kapena chotsatira chake. Choipitsitsa ndi makina olemera pa nthaka yonyowa. Mizu yambiri ya thundu, ngakhale mtengo utakula bwanji, ili m'mwamba mwa nthaka, ndipo imayala kutali kupitirira pomwe nthambi zalekezera. Thalakitala ikadutsapo kawiri katatu m'nyengo ya matope, nthaka imalimba ngati bwalo la mpira, mpweya sulowa, timizu timafa, ndipo patapita zaka zisanu wina adzati mtengo wafa ndi matenda. Mapazi a anthu nawo amachita zomwezo pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mtengo wotchuka wa Major Oak ku Sherwood Forest anautchingira mpanda m'zaka za m'ma 1970. Mukaona mpanda kapena milu ya nthambi yoikidwa mozungulira mtengo wakale, si ulesi wosasesa, akuteteza mizu.

Nanga yodwalayo aisiyiranji? Chifukwa choyamba ndinachiphunzira mochititsa manyazi. Ndili wachinyamata pa ntchitoyi ndinapaka penti mtengo wina wochucha mbali zitatu kuti udulidwe. Mkulu yemwe ndinkagwira naye ntchito anauzungulira kawiri, anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, n'kundifunsa kuti, "Masamba akewo mwawaona?" Ndinali ndisanayang'ane n'komwe, maso anga anali pa zilonda. Kumwamba kunali kodzaza, kobiriwira. Anafufuta pentiyo ndi mpeni. Patapita zaka zinayi ndinadutsanso pomwepo, ming'alu ija inali itatsekeka ndi mnofu watsopano, pangotsala zipsera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mitengo yomwe ofufuza akhala akuitsatira chaka ndi chaka yasonyeza zomwezi: yambiri ndithu imapola, ina imachucha n'kuleka n'kuyambiranso, ndipo yomwe imafa pa chaka ndi yochepa. Mukadula wodwala uliwonse, mudulanso yomwe ikanapola, ndipo imeneyo ndiyo tikufuna kuti ibereke njere.

Chachiwiri, nthambi zouma kumwamba si umboni wa matenda nthawi zonse. Thundu ukakalamba umadzichepetsa wokha: umasiya nsonga kuti ziume n'kuphukira nthambi zatsopano m'munsi, pafupi ndi mizu, pomwe madzi safuna kukwera mtunda wautali. Eni dziko ali ndi kanenedwe kawo koti thundu umakula zaka 300, umakhala zaka 300, n'kufa zaka 300. Mtengo wa nyanga zouma pamwamba utha kuika m'manda adzukulu a adzukulu athu. Ndipo ukafadi, ntchito yake siinathe. Gawo lalikulu la zamoyo zija limadalira thabwa lowola ndi mphako, moti kwa woyang'anira nkhalango ya boma mtengo wouma woimirira kutali ndi njira ndi chuma. Ife tinakula tikudziwa kuti mtengo wouma ndi nkhuni za mawa, ndiye kuuona ukuwola osautola kumatipweteka. Ineyo zinanditengera nthawi kuti ndizolowere.

Pali nthawi zomwe amadula wodwala. Ukakhala pafupi ndi njira, poimika magalimoto kapena posewerera ana, chitetezo cha anthu chimatsogola, ngakhale kuti kawirikawiri amangousadza nthambi n'kusiya thunthu. Komanso ngati yodwala ndi iwiri itatu pakati pa yabwino yambiri, malangizo amalola kuichotsa kuti tizilombo tichepe. Akatero khungwa ndi mnofu wakunja amasenda n'kuwotcha pomwepo, macheka ndi nsapato amatsuka ndi mankhwala, ndipo mtima wa mtengo, womwe matendawa safikako, umachekedwa matabwa bwinobwino. Koma m'dera lomwe matenda ali kale ponseponse, kudula sikuthamangitsa kanthu.

Tsono ndikuuzeni chomwe chimandidetsa nkhawa ine, chifukwa si madzi akudawo. Mukadzapitanso, yang'anani pansi. Werengani mitengo ya thundu yofika m'chiuno mwa mwana wanu, yofika msinkhu wanu, yonenepa ngati mkono. M'nkhalango zambiri mupeza agogo okhaokha, ndi timbande ta masamba anayi tomwe sitidzaona chaka chachitatu. Pakati palibe. Mudzi womwe okalamba akumwalira koma ana akubadwa ndi mudzi wamoyo. Woopsa ndi uja kulira kwa khanda kunasiya kumveka.

Mbande zikutha ndi mthunzi, poti pansi pa mitengo yothithikana kuwala sikukwana, ndipo chuku choyera chija chimazifooketsa kwambiri zikakhala mumthunzi. Zopulumuka zimadyedwa ndi agwape. Ku Britain kuli mitundu 6 ya agwape a kutchire, iwiri yokha ndiyo yachikhalire, ndipo mimbulu yomwe inkawadya inatha zaka mazana apitawo. Kagwape kakang'ono kotchedwa muntjac, kochokera ku China, kanafalikira kuchokera ku Woburn ku Bedfordshire ndipo tsopano kali paliponse m'chigawo chanu. Mtengo ukapulumuka agwape n'kufika zaka 10 mpaka 40, agologolo otuwa, omwe anabwera kuchokera ku America m'zaka za m'ma 1870, amausenda khungwa kumtunda mpaka nsonga kuuma. Machubu apulasitiki omwe mumawaona ataimikidwa m'mizere ndi oteteza mbande. Anayambitsidwa ndi Graham Tuley mu 1979, ndipo amakhala a mita 1.2 kapena 1.8 malinga ndi kutalika kwa gwape wa m'deralo. Koma machubu ndi mipanda ya waya n'zodula, ndipo sizingakwane nkhalango yonse. Kunena mosabisa, popanda kuchepetsa agwape ndi mfuti palibe thundu watsopano. Oyenda m'nkhalango ambiri safuna kumva zimenezi, koma alonda a Forestry England, bungwe loyang'anira nkhalango za boma, amachita ntchitoyi chaka chilichonse, nyama yake n'kugulitsidwa. Za agologolo akuyesa njira ina: mu 2019 ku Forest of Dean anamasulako tinyama totchedwa pine marten tochokera ku Scotland, tomwe timasaka agologolo otuwa.

Njere nazo zili ndi khalidwe lake. Thundu subereka mofanana chaka chilichonse. Pamapita zaka zingapo za njere zochepa, kenako chaka chimodzi, monga 2020, pansi pamadzaza osaona popondapo. Ku nkhalango ya New Forest chaka chilichonse amatulutsa nkhumba kuti zidye njerezo, ndipo zaka zotere amazisiya nthawi yotalikirapo, chifukwa mahatchi ndi ng'ombe zikadya zambiri zimafa. Vuto kwa a nazale n'lakuti njere ya thundu ikauma yafa, siisungika m'nkhokwe zaka zambiri ngati ya paini, ndiye chaka chosabereka chimatanthauza mbande zochepa m'dziko lonse. Wobzala wamkulu si munthu n'komwe. Ndi mbalame yotchedwa jay, yomwe imakwirira njere zikwizikwi m'nthaka kuti idzadye m'nyengo yozizira, n'kuiwala zina. Imakonda kukwirira poyera, m'mphepete mwa zitsamba zaminga, ndipo mingayo ndiyo imateteza mbande kwa agwape. Choncho malo omwe adula mitengo n'kusiya bwalo, lomwe pakatha zaka ziwiri limadzaza minga n'kumaoneka ngati munda wa mlesi, ndi pomwe pali chiyembekezo chambiri.

Ku America vuto lomweli lili ndi nkhope ina. Kumapiri a Ozark, ku Missouri ndi Arkansas, nkhalango za paini ndi thundu zinadulidwa kwambiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 1900, kenako moto unaletsedwa, ndipo pa zitunda zouma panadzaza thundu wofiira wa msinkhu umodzi. Utakalamba, chilala chinabwera, ndipo cha m'ma 2000 kachikumbu koboola thunthu kanabuka n'kupha mitengo yosawerengeka. Lero oyang'anira nkhalango ya boma ya Mark Twain National Forest ku Missouri amapatulira n'kuyatsa moto dala kuti kuwala kufike pansi. Munthu wophunzira za nkhalango kwathu, komwe moto wa mu Okutobala ndi mdani woyamba, amayamba wagwira pakamwa akaona zimenezo. Ku England sayatsa, nkhalango zake ndi zina. Koma funso lomwe akulimbana nalo ndi limodzi: ana a mtengo apeza bwanji dzuwa?

Kwathu tinaziona pa mkungudza wa pa Mulanje. Nsabwe za mitengo ya mtundu umenewu zitafika m'Malawi mu 1986 anthu analoza zala pa nsabwezo, ndipo zinaonongadi. Koma chomwe chinamaliza mtengo wa fuko lathu ndi macheka kumtunda ndi moto wopsereza mbande pansi. Akuluakulu anatha popanda owalowa m'malo.

Pa zobzala mtsogolo, maganizo anga ndi awa. Pa nthaka youma abzale wa njere zomatirira, phunziro la ku Tronçais lisapite pachabe. Asabwerezenso minda ya mtundu umodzi ndi msinkhu umodzi. Thundu asakanize ndi mitengo ina, ndipo abzale pang'onopang'ono m'zaka zosiyana. Ena akulimbikitsa kusakanizako njere zochokera kummwera, monga ku France, komwe mitengo inazolowera kutentha komwe England akuyembekezera. Ndikugwirizana nazo pang'ono, bola zikhale njere zoyezedwa, osati mitengo ikuluikulu yobwera ndi dothi lake, poti ziyabwe zija zinalowa motero. Ndipo pomwe jay akubzala yekha, munthu angochotsa mthunzi ndi agwape n'kumusiya.

Inuyo pali zomwe mungachite. Forest Research ili ndi tsamba la pa intaneti lotchedwa TreeAlert, pomwe aliyense angatumize zomwe waona. Jambulani mtengo wonse muli patali kuti masamba aoneke, kenako thunthu, kenako mng'alu pafupi mutaika kandalama pambali kuti kukula kwake kudziwike, ndipo lembani malo ake molondola. Pochoka gwedezani matope ku nsapato ndi ku matayala a njinga za ana, mukafika kunyumba mutsuke musanapite ku nkhalango ina. Ndiye sankhani mtengo umodzi mwa yochuchayo, ana aupatse dzina, muziujambula mwezi womwewo chaka chilichonse mutaima pamalo omwewo. Muziyang'ana zinthu ziwiri: ngati thambo likuoneka kwambiri kudutsa m'masamba kuposa chaka chatha, ndiponso m'mphepete mwa ming'alu. Mukaona m'mbali mwa mng'alu mukutukumuka mnofu wosalala, wofiirira, wopindikira m'kati ngati milomo ya chilonda chomwe chikupola, ndiye kuti m'nkhokwe mudakali kanthu.